Ndinakayezetsa ma antibody a korona ku Randburg, pepala linandisowetsa tulo masiku atatu

Abale anga a kuno ku Joni, makamaka inu amene mumasamalira okalamba m'manyumba ngati ine, ndati ndilembe izi chifukwa mabwana athuwa kukangoyamba kuzizira anthu nkuyamba kutsokomola amayamba kutituma kokayezetsa izi ndi izo, nde mwina wina zimuthandiza asataye ndalama komanso tulo ngati mmene ndinachitira ine. Ndi za kakiliniki kena kali mkati mwa pharmacy mu mall ina cha ku Randburg. Dzina sinditchula poti pali zina ndidandaule, koma amene mumakwera tekisi pa Bree kulowera mbali imeneyo mukudziwa kuti timakiliniki totere tili mbwee, kachipinda kamodzi kumapeto kwa mashelefu a mavitamini, mipando itatu panja, basi.

Ine ndimasamalira agogo ena achizungu a zaka 84, ndakhala nawo zaka zisanu tsopano, ndimagona konko Lolemba mpaka Lachisanu ndiye weekend ndimabwerera kuchipinda kwanga ku Turffontein. Agogowa anadwala chibayo mu May mpaka anagona kuchipatala masiku asanu ndi limodzi. Atatuluka, mwana wawo wamkazi amene amakhala ku Perth anayamba kuyimba foni tsiku ndi tsiku, kufunsa ndi zoti ndimakwera tekisi yodzaza bwanji, kutchalitchi timakhala anthu angati, kaya ndimagona ndi ana angati mchipinda, mpaka tsiku lina anangoti ndipite ndikayezetse magazi tione ngati ndili ndi chitetezo cha korona, ndalama adzabweza. Ine ndinangoti chabwino madamu. Munthu ukakhala pa ntchito ya mwini ena mafunso sufunsa.

Ndipo kunena zoona mumtima ndimadzidalira. Korona ndinadwala ine mu July 2021, sabata yomwe ija ya zipolowe anthu akuthyola mashopu, nthawi ya mtundu wa korona uja wa Delta imene Gauteng inali pa moto. Ndinagona masiku khumi, fungo linachoka lonse moti usipa umene achimwene anandibweretsera kuchokera kumudzi ndimangouona ndi maso, mphuno zii. Kenako ndinabayitsa katemera wa Johnson, chaka chotsatira ndinawonjezera Pfizer. Nde ndimati aaa magazi angawa akangowayika pa makina ziwerengero zikaphulika.

Tsiku loyamba ndinafika cha m'ma 10 m'mawa Loweruka. Kunena za ukhondo ndiye palibe chonena, malo ndi oyera, mipando yabwino, pa mzere panali anthu anayi okha ndipo sindinadikire kupitirira theka la ola. Amene mumaopa nkhani ya mapepala, ine anangondifunsa dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni, ndinaonetsa pasipoti ya Malawi palibe anakweza nsidze. Medical aid ndilibe nde ndinalipira kashi, R420 zonse pamodzi ndi yotengera magazi. Mtsikana wa pa kauntala ndi amene anandilakwira ngakhale nthawi imeneyo sindinadziwe. Ndinamuuza kuti ndikufuna kuyezetsa ma antibody a Covid, tizinthu ta m'magazi timene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo, iye osandiyang'ana nkomwe, maso ali pa kompyuta, anangodina dina nkundipatsa lisiti. Sanandifunse kuti munadwalapo, munabayitsa katemera, mukufuna kudziwa chani kwenikweni, ayi ndithu. Ngati ndikugula buledi pa spaza.

Wotenga magazi tsiku limenelo anali mnyamata, dzanja lake lopepuka, singano sindinaimve nkomwe, kabotolo kamodzi basi, thonje, pulasitala, tsalani bwino. Anati magazi apita kulabu yaikulu ndipo zotsatira zibwera pa foni. Zinabweradi Lachiwiri masana, apo ndiwayamikire, sanachedwetse.

Ndinatsegula ndili kukhitchini ndikuphikira agogo supu. Chizungu chambirimbiri, tizilembo ting'onoting'ono, ndiye pakati mawu amodzi akuluakulu oti non-reactive. Mukudziwa ife a Malawi mawu amenewa tinawazolowera ku VCT, ukawaona umatuluka ukuvina kkkk, nde kwa kamphindi ndinasangalala, kenako mutu unabwerera nkuzindikira kuti apa ndiye zikutanthauza kuti sanapeze kanthu. Ma antibody mulibe. Miyendo inazizira. Munthu ndinadwala mpaka kulemba manambala a abale pa pepala kuopa kufa, ndinabayitsa kawiri konse, lero akuti mthupi mulibe kalikonse? Ndinayamba kuganiza zija amanena pa gulupu ya WhatsApp ya kutchalitchi zoti katemera anali madzi, ena amati amapha asilikali a mthupi. Koma chimene chinandisowetsa tulo kwenikweni ndi ntchito, ndimati ndikangotumiza pepalali ku Perth madamu aja anena kuti munthu wopanda chitetezo asayandikire mayi anga, ndipo rent, fizi ya ana ku Ntcheu, feteleza wa amayi, zonse zili pa ntchito yomweyi. Ndinakhala nalo pepala mu foni masiku atatu osauza munthu, madamu akafunsa ndimati sizinatuluke.

Loweruka lotsatira ndinabwererako, ndinanyamuka ndi mtima woti ndikakangane basi andibwezere ndalama kapena ayezenso. Mtsikana wa pa kauntala uja anati zotsatira samafotokoza iye, ndikaonane ndi dokotala wanga. Dokotala wanga uti mayi iwe, ine wa ku kiliniki ya boma yodzuka 5 koloko kukagwira mzere? Mwamwayi tsiku limenelo munali Sister wina wachikulire, mayi wonenepa bwino wa magalasi, anamva ndikukweza mawu nkutulutsa mutu pakhomo, anati mama lowani kuno tikhale pansi.

Anthu inu, mayi ameneyu ndi chifukwa chake sindikuwapatsa nyenyezi imodzi anthuwa.

Anayang'ana pepala lija mu foni, kenako anandifunsa mafunso omwe aja amayenera kundifunsa tsiku loyamba. Nditawayankha anaseka pang'ono, osati kundiseka ine, nkunena kuti mama mwagula yankho la funso limene simunafunse. Akuti kuyeza ma antibody a korona kuli mitundu iwiri. Kachilomboka kali ndi timinga kunja kwake, amatitcha spike, ndiye mkati muli puloteni ina yokutira mbewu yake imene amangoitcha N. Katemera wa Pfizer ndi wa Johnson amaphunzitsa thupi timinga tokha, za N sakhudzako. Ine anandiyeza ya N, imene imangofufuza ngati unakumanapo ndi kachilombo keni keni, ndipo imeneyo kwa anthu ambiri imatsika pakapita miyezi mpaka makina ena osaionanso. Nde katemera wanga yense uja pepala limeneli silikanamuona ngakhale ndikanabayitsa dzulo lake. R420 yanga inapita choncho, chifukwa cha munthu waulesi kufunsa funso limodzi.

Ndinati ndiye ndiyezeni inayo ya timinga, ndilipira. Anandiletsa. Tamvani, munthu wogwira ntchito pa malo ogulitsa kuletsa kasitomala kugula, kuno ku Joni! Anati mukhoza kuyeza ndipo mwina ituluka yokwera, koma nambalayo sikuuzani chimene madamu anu akufuna kudziwa. Akuti ngakhale bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kale mu May 2021 kuti anthu asamagwiritse ntchito kuyeza ma antibody pofuna kudziwa ngati ali otetezedwa. Kenako anatembenuza lisiti langa lija nkuyamba kujambula kumbuyo kwake ndi bolopeni.

Anandifunsa kuti CD4 mumaidziwa? Ndinaseka, ndinati Sister, ine ndine wa ku Malawi, ndinagwirapo ngati volontiya wosamalira odwala m'makomo nthawi imene Edzi inkakolola anthu kwathu, CD4 ngakhale agogo akumudzi osadziwa kulemba dzina amaidziwa, timati asilikali a mthupi. Anati basi ndiye mwadziwa kale theka la nkhani, chifukwa CD4 ameneyo ndi T cell. Ine zaka zonsezi ndimaona ngati CD4 ndi nkhani ya HIV yokha, kumbe ndi asilikali a matenda onse, HIV imangowasankha iwowo kuwadya nchifukwa chake timawawerenga.

Mmene anafotokozera ndi chitsanzo cha ma complex a kunoku. Akuti ma antibody ali ngati alonda a pa geti amene anapatsidwa chithunzi cha wakuba, akamuona akubwera amamugwira asanalowe. Zabwino ndithu, koma mavuto ndi awiri, alondawo sakhala ochuluka mpaka kalekale, pakapita miyezi kuli bata ambiri amachotsedwa poti thupi silingamadyetse gulu lonselo pachabe, ndipo chachiwiri wakubayo akasintha jekete ndi chipewa amadutsa pa geti akupereka moni. Ma T cell ndi ena, iwo sayima pa geti, amayenda nyumba ndi nyumba mkatimo. Pafupifupi selo lililonse la thupi lathu limaika panja tizidutswa ta zimene zikupangidwa mkati mwake, ngati kuyanika zovala pa chingwe, nde kachilombo kakalowa mu selo nkuyamba kuswana, tizidutswa take timaonekeranso pa chingwepo. T cell ya mtundu wa CD8 ikadutsa nkuona kachidutswa kachilendo imene inakaphunzira kale, imapha selo lonselo pompo kuti fakitale ya tizilombo itsekedwe. CD4 ndiye kapitawo, amakuwa kuitana anzake, amalimbikitsa ma CD8, amathandizanso ma B cell amene amapanga ma antibody kuti apange abwino komanso okhalitsa.

Ine mmutu mwanga za complex zinachoka, ndinaona nkhokwe ya amayi. Ma antibody ndi mankhwala aja timathira kuti anankafumbwe asalowe, amagwira ntchito koma mphamvu imatha ndi nthawi. Ma T cell ndi amayi eni ake akakhala pa mkeka nkumatenga chimanga chimodzi chimodzi, akaona kabowo ndi kaufa kakutuluka amadziwa kuti umu muli mdani ngakhale sakumuona, nkuchiponya pa moto kuti chisawononge chinzake. Ndinawauza Sister chitsanzo changachi ndipo anati kwawo ku Limpopo amachitanso chimodzimodzi, tinaseka ngati tinadziwana kale.

Nkhani yake ndi yoti nkhondo ikatha, ena mwa ma T cell amenewa satha ayi, amatsala ochepa okumbukira, ena m'magazi ena amakhazikika m'mapapo ndi m'njira za mpweya momwemo, ali phee kudikira. Mdani yemweyo akabwera amachulukana msanga msanga kuposa ulendo woyamba. Ndipo pepala langa lija, kaya la N kaya la timinga, siliwawerenga amenewa ngakhale mmodzi.

Anandiuza nkhani ya ku Singapore imene inandidabwitsa mpaka ndinakaifufuza ndekha usiku pa Wi-Fi ya agogo iwo atagona. Mu 2003 kunabuka matenda a SARS, a ku banja lomweli la korona, anayambira ku China nkufika ku Hong Kong, Singapore, Toronto ndi kwina. Korona wathuyu atabwera mu 2020, akatswiri a ku Duke-NUS ku Singapore motsogozedwa ndi Antonio Bertoletti anasaka anthu amene anachira SARS ija nkuwatenga magazi, anthu 23, ndipo anapeza kuti ma T cell awo akukumbukabe kachilombo kaja patapita zaka 17, komanso amatha kuzindikira zidutswa zina za korona watsopanoyu. Zaka 17 anthuni, mwana wobadwa nthawi imeneyo ali pafupi kulemba Form 4. Zinatuluka mu magazini ya sayansi ya Nature mu July 2020.

Kenako ndinapeza ina ya ku La Jolla ku California, ya gulu la Shane Crotty ndi Alessandro Sette. Iwowa anatsatira anthu 188 amene anadwala Covid, ena mpaka miyezi 8, nkupeza kuti chitetezo sichiyenda njira imodzi, china chikutsika china chikukwera. Ma T cell amatsika pang'onopang'ono koma amapezekabe mwa ambiri, pomwe ma B cell okumbukira anali ochuluka pa miyezi 6 kuposa pa mwezi woyamba. Nde ukangoyeza chinthu chimodzi nkunena kuti munthuyu alibe chitetezo ndi chimodzimodzi kusuzumira mu poto mmodzi nkulengeza kuti pakhomo pano agona ndi njala. Gulu lomweli linayezanso magazi akale amene anasungidwa pakati pa 2015 ndi 2018, korona uyu asanamveke nkomwe, ndipo mwa anthu 40 mpaka 60 pa 100 alionse munali ma CD4 omuzindikirako. Chifukwa chake china nchoti alipo ma korona ena anayi amene akhala akutipatsa chimfine wamba kuyambira kale, maina awo ngati manambala a galimoto, 229E, NL63, OC43 ndi HKU1, nde thupi likakumana ndi msuweni wawo limati nkhope iyi ndinaionapo penapake. Osati kuti ndiye sungadwale ayi, anthu tonse chimfine tinadwalapo koma Covid inatigwetsabe. Ku Sweden nakonso a Karolinska anapeza anthu a m'banja limodzi ndi odwala amene ma antibody sanapezeke koma ma T cell a korona alimo, ngati mmene zingakhalire ndi ine ndi pepala langa la non-reactive.

Koma imene Sister ananyadira kwambiri poifotokoza ndi ya konkuno. Mukukumbuka November 2021 Omicron atalengezedwa, maiko a azungu kutseka ndege zochokera kuno usiku umodzi, Malawi yemwe anaikidwa pa mndandanda, tonse amene tinali titasunga ndalama ya basi ya Khirisimasi mitima ili m'mwamba kuti Beitbridge atsekanso. Omicron anabwera ndi zosintha zopitirira 30 pa timinga pokha, jekete yatsopano chipewa chatsopano mpaka nsapato, ndipo ku Durban gulu la Alex Sigal linaonetsa msanga kuti ma antibody a katemera akulephera kwambiri kumugwira. Nchifukwa chake anthu ambirimbiri anadwala December ameneyo, obaya ndi osabaya omwe. Koma a ku University of Cape Town, Wendy Burgers ndi Catherine Riou ndi anzawo, atayeza ma T cell a anthu obayidwa Johnson, obayidwa Pfizer komanso amene anadwalapo kale, anapeza kuti mphamvu yawo pa Omicron inatsalabe pakati pa 70 ndi 80 pa 100. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Puloteni ya timinga ija ndi mkanda wautali wa timikanda 1,273, ma antibody oletsa kachilombo kulowa amalimbana ndi malo ochepa a pamwamba pomwe kachilombo kamasintha kwambiri, pomwe ma T cell amazindikira tizidutswa tambirimbiri pa mkanda wonsewo, ndipo munthu aliyense amayanika tizidutswa tosiyana ndi mnzake malinga ndi chibadwa chake. Kachilombo kangasinthe malo 30 koma sikangasinthe monse nkukhalabe kamoyo. Amene tinadwala kachilombo keni keni ma T cell athu anaonanso za mkati mwake, N ija ndi zina, zimene sizisintha kawirikawiri.

Ndipo tinazionadi ndi maso. Nthawi ya Delta ma ambulansi samatha mu msewu, pa gulupu ya a Malawi sabata iliyonse chopereka cha maliro, kutumiza mtembo kumudzi kapena kuika konkuno poti malamulo anali ovuta. Kumudzi nako January 2021, Delta asanabwere nkomwe, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, kumwalira tsiku limodzi. Koma Omicron anthu anadwala ochuluka zedi, maliro ochepa poyerekeza. Shabir Madhi wa ku Wits ndi gulu lake anayeza anthu pafupifupi 7,000 mu Gauteng muno Omicron asanafike pachimake ndipo 73 pa 100 anali kale ndi chizindikiro choti thupi lawo linakumanapo ndi korona kapena katemera. Geti linabowoka koma mkati munali asilikali odziwa kale nkhondo.

Apa ndiyenera kunena chimene Sister anabwereza kawiri kuti ndisachoke ndi maganizo olakwika, ma T cell saletsa kachilombo kulowa. Amayamba ntchito mdani ali kale m'nyumba. Nde ine ndikhoza kutenga korona mu tekisi, kungomva kukhosi kukanda ndi kamutu masiku awiri, asilikali anga nkuthana naye, koma masiku awiri omwewo nkupatsira agogo ndikuwasambitsa. Ndiye funso la madamu a ku Perth loti kodi wantchitoyu angapatsire mayi anga, palibe pepala la magazi lingayankhe, kaya nambala ikwere mpaka kudenga. Chimene chimathandiza ndi chija tonse timachidziwa, ndikayamba chimfine ndivale mask, ndiyezetse ya m'mphuno ija, ngati nkotheka ndisayandikire masiku angapo.

Ndipo akuti amene amafunika kumuganizira za chitetezo si ine wa zaka 41, ndi agogowo. T imeneyi ikuchokera ku dzina la kachiwalo kotchedwa thymus, kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ma T cell amabadwira m'mafuta a m'mafupa koma sukulu yawo ndi kumeneko, ndipo kachiwaloka kamakhala kakakulu tili ana, tikatha msinkhu kamayamba kufota mpaka ukalamba kamatsala pafupifupi mafuta okhaokha. Nde munthu wa zaka 84 asilikali atsopano oti aphunzire mdani watsopano amakhala ochepa, nchimodzi mwa zifukwa zimene korona anakololera okalamba chonchija. Anati uzani mwana wawoyo alankhule ndi dokotala wa agogo za katemera wowonjezera ndi wa flu, ndalama aziika kumeneko osati kukubayani inu masingano.

Ine poti nkhani ya CD4 inali itandigwira ndinafunsa za abale athu amene ali pa ma ARV, ndili nawo m'banja ngati mmene aliyense alili nawo. Anati amene akumwa bwino mankhwala, kachilombo kali pansi CD4 ili bwino, thupi lawo limayankha katemera ndi korona pafupifupi ngati wina aliyense. Vuto ndi amene anasiya kapena amadumphadumpha. Anandiuza za mayi wina ku Durban amene madokotala analemba nkhani yake mu 2021, HIV yake inali isakumvera mankhwala CD4 ili pansi penipeni, korona anakhala mthupi mwake masiku 216 akungosinthasintha momwemo poti panalibe womuthamangitsa, mpaka atamusinthira ma ARV nkuyamba kugwira ndi pomwe korona anatha. Izi ndikuzilemba dala chifukwa ndikudziwa alipo pakati pathu amene anabwera ndi mabotolo a miyezi 6 kuchokera kumudzi, atatha akuopa kupita ku kiliniki chifukwa cha mapepala kapena manyazi, akudikira wa basi awabweretsere. Achimwene, achemwali, asilikali amene mukuwasiya afe ndi omwewo amene akanakumenyerani nkhondo ya korona, ya TB ndi zina zonse.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osangotiyeza ma T cell wo. Anati pa kiliniki ngati yawo sayeza. Njira zilipo, ku America kunali ina yotchedwa T-Detect imene inaloledwa mu 2021, ina ndi T-SPOT, koma zambiri zimafuna maselo amoyo, magazi afike kulabu msanga, awasakanize ndi tizidutswa ta kachilombo nkudikira aone ngati ma T cell atulutse chizindikiro, ngati mmene amachitira ndi kuyeza kwina kwa TB kwa m'magazi. Ntchito yambiri, ndalama zambiri, pomwe ma antibody makina amangowerenga mazanamazana pa tsiku. Nde amagulitsa chimene chili chosavuta kuyeza, ife nkumaganiza kuti ndiye chitetezo chonse.

Zonsezi anandifotokozera mphindi pafupifupi 25, panja anthu akudikira, ndipo sanandilipiritse ngakhale senti. Ndinawapempha kuti alembe mawu awiri atatu oti ndiwatumizire madamu poti ine ndikafotokoza aziona ngati ndikuzemba, analemba pa kapepala ka kiliniki nkudinda chidindo. Za kubweza R420 anati sizili m'manja mwawo, ndilembe dandaulo kwa manejala. Ndinalemba pa fomu yawo, mpaka lero foni sinalire, ndipo mtsikana uja ndinadutsa sabata yatha pokagula matewera a agogo ali pomwepo maso pa kompyuta.

Nde pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu. Ukhondo, liwiro ndi dzanja la wotenga magazi zili bwino, pa nkhani ya pasipoti sanandivute, Sister uja payekha ndi wa zisanu ndipo BP yanga ndiziyezetsa kwa iwo basi ngakhale ndi kutali ndi Turffontein. Ziwiri ndachotsa chifukwa cha pa kauntala komanso pepala lawo la zotsatira limene limangokuponyera non-reactive popanda ngakhale mzere umodzi wa chizungu chosavuta wonena kuti izi sizikutanthauza kuti mulibe chitetezo. Ngati abwana akukakamizani ndithu kuti muyezetse, musalipire musanaonane ndi nesi, ndipo funsani kuti ndi ya spike kapena ya N, muwauze ngati munabayitsa. Pitani mkati mwa sabata m'mawa ngati mungapeze mpata, Loweruka kukafika 11 mipando itatu ija imakhala yadzaza.

Madamu a ku Perth ndinawatumizira zonse ziwiri, pepala la labu ndi kapepala ka Sister, mtima ukugunda. Anayankha m'bandakucha poti nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 6, anangoti thanks ndi kachala kokweza, kenako Lolemba anayimbira dokotala wa agogo za katemera. Ndalama anabweza R400, ya R20 ndinangoisiya. Lisiti lija lojambulidwa kumbuyo ndinalipachika pa fuliji ya agogo ndi kamaginito, timizere tozungulira ndi mivi ndi ka CD8 kamene Sister anakajambula ndi mano ngati galu, ndipo agogo tsiku lililonse akamadya phala amaliloza nkundifunsa kuti mdzukulu wawo uti anajambula chimenechi.